Akuzula mano, koma shuga osamuyeza

Tsiku la msika pa Mlangeni m'boma la Ntcheu, dzuwa likafika paliwombo, ogulitsa zakumwa sadandaula. Amalonda a tomato, kabichi ndi mbatata ya kachewere m'mbali mwa msewu wa M1 amakhala akuitanira kuyambira m'mamawa, ndiye kukhosi kumauma. Wina agula Fanta, wina thobwa lothira shuga, wina akusenda mzimbe.

Kwa ambiri, ludzu limeneli limatha akangomwa. Koma alipo ena amene akamaliza botolo loyamba, ola lisanathe afunanso lina. Usiku amadzuka kanayi kapena kasanu kukataya madzi, lilime lili gwa, milomo itang'ambika. Mukawafunsa amati ndi dzuwa, apo ayi mphepo ya kumapiri kuno. Pakatha chaka mumva kuti dzino likugwedera. Chaka chinacho lagwederanso lina.

Ludzu lotere, limodzi ndi kuuma m'kamwa, ndi chimodzi mwa zizindikiro zoyamba za matenda a shuga. Chomvetsa chisoni n'chakuti zimene munthu amathamangira pofuna kulithetsa ndi zomwezo zimene zikumuwonjezera matendawo.

Nkhani yake ili motere. Shuga akachuluka m'magazi, kupitirira 10 pa makina oyezera, kapena 180 pa makina ena, impso zimalephera kumubweza ndipo amayamba kutuluka ndi mkodzo. Potuluka amakoka madzi ambiri. Thupi likatsala ndi madzi ochepa, malovu nawo amachepa.

Malovu timawaona ngati chinthu chachabe, cholavula. Koma munthu wabwinobwino amapanga malovu oposa theka la lita pa tsiku, ena mpaka lita ndi theka, ndipo ntchito yake ndi yaikulu. Amatsuka zotsalira za chakudya, amachepetsa mphamvu ya asidi amene amabowola mano, komanso amalimbana ndi tizilombo. Malovu akachepa, ndipo ochepawo n'kukhalanso ndi shuga wambiri, tizilombo timapeza phwando. Mukathirapo Fanta ndi switi woti azinyowetsa kukhosi, ndiye kuti mwatiphikira ndiwo.

Zotsatira zake ndi mano obooka komanso nkhama zotupa, zotuluka magazi potsuka. Matenda a nkhama akakula amadya fupa limene limagwira dzino, n'chifukwa chake dzino looneka labwinobwino limayamba kugwedera. Odwala shuga, makamaka amene shuga wawo sakutsika, amagwidwa ndi vutoli kawiri kapena katatu kuposa anzawo. M'chaka cha 1993, katswiri wa za mano Harald Löe adafika potchula matenda a nkhama kuti ndi vuto lachisanu ndi chimodzi lobwera ndi shuga, kuwonjezera pa odziwika kale monga a maso, impso ndi mitsempha.

Ndipo awiriwa amakokana. Shuga amawononga nkhama, nkhama zotupa nazo zimachititsa kuti shuga avute kutsika. M'chaka cha 2022, bungwe la Cochrane, lomwe limaunika kafukufuku wa zaumoyo wa m'maiko osiyanasiyana, lidapeza kuti kuchiza matenda a nkhama kumatsitsa shuga ndi pafupifupi theka la peresenti pa muyeso wa HbA1c, womwe umaonetsa momwe shuga wakhalira pa miyezi itatu. Theka la peresenti likumveka lochepa, koma kwa munthu amene wakhala akumwa metformin ndi glibenclamide popanda kusintha kwenikweni, si laling'ono.

Nanga odwala shuga alipo ochuluka bwanji? Kafukufuku wa STEPS amene unduna wa zaumoyo udachita mothandizidwa ndi bungwe la WHO m'chaka cha 2009 adapeza kuti anthu 5.6 pa 100 alionse a zaka 25 mpaka 64 adali ndi matendawa. Kafukufuku wina, amene bungwe la MEIRU lidachita ku Karonga ndi mumzinda wa Lilongwe ndipo adasindikizidwa mu 2018, adapeza chiwerengero chotsikirapo, koma adaulula china: mwa anthu khumi amene adapezeka ndi shuga, anayi sankadziwa kuti akudwala.

Anayi osadziwawo ndiwo akutikhudza pano. Munthu wotere sapita ku kiliniki ya shuga, poti sadziwa kuti ndi yake. Chimene chimamufikitsa kuchipatala ndi dzino. Limamupweteka usiku wonse, wayesa panado, wayesa mchere, wayesa mankhwala a azitsamba, ndipo pamapeto akwera minibasi kupita ku Ntcheu pa boma atagwira tsaya. Pempho lake limakhala limodzi: lichotseni.

Dzino lichotsedwa, ululu utha, munthu abwerera kwawo akuthokoza. Koma ngati palibe wamufunsa za ludzu, za kukodza usiku, za kuwonda, kapena kumubaya chala kuti aone shuga, ndiye kuti chazulidwa ndi chizindikiro chabe. Matenda atsala. Bala la dzino lochotsedwalo nalonso limachedwa kupola mwa munthu wa shuga wokwera, ndipo likhoza kuchita mafinya.

Apa sitikuloza chala ogwira ntchito m'zipinda za mano. Ndi ochepa kwambiri. Pofika chaka cha 2019 dziko lino lidali ndi madokotala a mano osakwana 50 pa anthu pafupifupi 18 miliyoni, ndipo ambiri mwa iwo adali m'mizinda. M'zipatala za m'maboma ntchitoyi ili m'manja mwa madental therapist ophunzira ku Malawi College of Health Sciences, amene m'mawa uliwonse amapeza mzere wa anthu otupa masaya. Pa mzere wotere nthawi yocheza ndi wodwala imachokera kuti?

Zinthu zayamba kusuntha, ngakhale pang'onopang'ono. M'chaka cha 2019 sukulu ya College of Medicine, yomwe pano ili pansi pa Kamuzu University of Health Sciences, idayamba kuphunzitsa madokotala a mano mogwirizana ndi University of Glasgow ya ku Scotland, ndipo gulu loyamba lidamaliza maphunziro mu 2025. Mu 2022 boma lidakhazikitsanso ndondomeko yoyamba ya dziko lino yoona za umoyo wa m'kamwa, yomwe imatsindika kupewa matenda.

Zonsezi n'zoyamikika, koma tisanamizane: padzapita zaka zambiri dokotala wa mano asanakhale pa malo ngati Mlangeni kapena Lizulu. Chimene chingatheke mawa lomwe n'chotsika mtengo. Namwino kapena kiliniko wa ku kiliniki ya shuga, amene amayang'ana kale mapazi a wodwala, angathe kumuuzanso kuti ayasamule. Wa m'chipinda cha mano akaona munthu wa zaka 40 mano akugwedera popanda chifukwa chooneka, angathe kumulembera m'buku lake la kuchipatala kuti akayezetse shuga asanakwere minibasi. Zipinda ziwirizi nthawi zambiri zimakhala mumpanda umodzi, koma wodwala amazilowa ngati za maiko awiri.

Palinso vuto lina limene anthu salikamba poyera. M'kamwa mouma mwa munthu wa shuga mumatha kumera zoyera ngati chambiko, pa lilime ndi m'masaya, ndipo zimawotcha akamadya. Kuno kwathu, kuyambira zaka zimene Edzi idavuta, anthu akaona zimenezi amangoganiza chimodzi. Ena amabisa, kuopa kunenedwa, mpaka kuleka kudyera limodzi ndi anzawo. Zoona zake n'zakuti zoyerazi zimabwera chitetezo cha m'thupi chikatsika pa zifukwa zingapo, ndipo shuga ndi chimodzi mwa izo. Woziona ayezetse zonse ziwiri, HIV ndi shuga. Mankhwala ake alipo.

Nthawi zina wouma m'kamwa amakhala woti shuga wake ali bwino, koma mankhwala ndiwo akumuumitsa. Odwala shuga ambiri alinso ndi BP, ndipo mapiritsi a HCTZ amene ambiri amalandira amachotsa madzi m'thupi. Amitriptyline, amene ena amapatsidwa miyendo ikamawotcha kapena kuchita dzanzi, nayenso amaumitsa m'kamwa. Kusiya mankhwala panokha n'koopsa. Kauzeni amene adakulemberani, iwo ndiwo angasinthe.

Pakhomo, chothetsera ludzu ndi madzi, kumwa pang'onopang'ono tsiku lonse. Amene mumakhala pamsika, botolo la madzi likhale pambali pa dengu. Fodya ndi mowa, kachasu ndiye osanena, zimaumitsa m'kamwa ndi kuwononga nkhama. Mano atsukidwe kawiri pa tsiku ndi mswachi wofewa ndi kolugeti wokhala ndi fluoride, makamaka pokagona, chifukwa usiku malovu amachepa kwambiri. Nkhama zikamatuluka magazi musaleke kutsuka, ndi pamene zikufunika kutsukidwa bwino. Switi ali ndi ntchito imodzi yokha kwa amene ali pa insulin kapena glibenclamide: shuga akatsika mwadzidzidzi, thupi likunjenjemera, thukuta lili kamukamu. Popita kukachotsa dzino, nenani kuti muli ndi shuga, ndipo musapite ndi njala mutamwa kale mankhwala.

Chimene chimandidandaulitsa ine ndi chakudya. Dera la Mlangeni, Lizulu ndi Tsangano limadyetsa mizinda ndiwo zamasamba ndi zipatso, zomwe odwala shuga amalangizidwa kudya. Koma kabichi, karoti, mtedza ndi mapichesi zimafuna mano. Agogo amene atsala ndi mano anayi sangalimbane nazo. Amabwerera ku zofewa: phala lothira shuga, buledi woviika mu tiyi, mbatata yophwanya. Mwezi wotsatira akapita ku kiliniki, makina aonetsa shuga wakwera, ndipo amadzudzulidwa kuti sakumvera malangizo a kadyedwe, pamene palibe wawafunsa kuti akutafunira chiyani.