Mtundu wa munthu anene ndi mwini wake

Mwana wa sukulu ku Migowi kapena ku Chiringa akafufuza pa foni mbiri ya mtsogoleri kapena woimba, kawirikawiri yankho limachokera ku Wikipedia, nkhokwe ya pa intaneti yomwe amalemba ndi anthu ongodzipereka. Kumunsi kwa mbiriyo kumakhala magulu omwe munthuyo amuikamo: dziko, ntchito, pena mtundu, chipembedzo, ngakhale zoti amagonana ndi amuna kapena akazi anzake. Koma kodi wampatsa mphamvu mlembiyo yomata mnzake chizindikiro chotere ndani?

Anthu a ku Phalombe akudziwa kuwawa kwa dzina lopatsidwa ndi ena. Alhomwe atabwera kuchokera ku Mozambique, ankatchedwa "Anguru", dzina lachipongwe lomwe linalowa mpaka m'mabuku a boma la atsamunda. Zinatengera khama la a Lewis Bandawe ndi bungwe la Alhomwe lomwe anayambitsa mu 1943 kuti boma lisiye dzinalo.

Sitikunena kuti kutchula mtundu n'kulakwa. Kalembera wa 2018 anapeza kuti Amalawi pafupifupi 19 mwa 100 alionse ndi Alhomwe, ndipo khamu limasonkhana kwa Chonde pa mwambo wa Mulhako wa Alhomwe monyadira. Kusiyana kwake n'kwakuti pamenepo munthu amanena yekha.

Chizindikiro chikalembedwa ndi wina, chimatha kusanduka msampha. Mboni za Yehova zitaletsedwa m'dziko muno mu 1967, zikwizikwi zinathawira ku Zambia ndi Mozambique mu 1972. Ku Rwanda mu 1994, ziphaso zolembedwa mtundu zinathandiza achiwembu kusankha omupha. Kuno, Gawo 153 la malamulo a milandu limapereka chilango chofika zaka 14 kwa amuna ogonana okhaokha, choncho mphekesera yolembedwa ngati zoona ingathe kumangitsa munthu.

Wikipedia ya Chingerezi ili ndi lamulo lakuti munthu wamoyo asaikidwe m'gulu la chipembedzo kapena la za kugonana pokhapokha atanena yekha poyera, komanso nkhaniyo ikukhudza ntchito imene amadziwika nayo. Ife tikuti lamuloli likhwime chimodzimodzi pa mtundu. Nanga mwana wa mayi Mlhomwe ndi bambo Myao, wobadwira ku Ndirande, mlendo angamuike kuti?

Amalawi amene mumalemba pa Wikipedia ya Chichewa, musamaganizire mtundu wa munthu pongoona dzina la bambo ake kapena boma lomwe amachokera. Nanunso makolo, auzeni ana kuti si zonse za pa foni zomwe mwini wake anavomereza.