Soketi yozimitsa yokha m'chisanu chino: ipulumutsadi mayunitsi, kapena ndi dhilu chabe?

Pa plot pathu ku Area 25 pali nyumba zinayi, mita imodzi. Amene munakhalako pa lendi mukudziwa kale kuti Juni akangolowa, ubale umayamba kuvuta. Timasonkha ndalama zofanana kumayambiriro kwa mwezi, alandilodi amagula mayunitsi, ndipo miyezi yotentha amatifikitsa kumapeto popanda phokoso. Chaka chino mita inayamba kulira mwezi uli pakati.

Msonkhano unachitikira pampopi, m'mawa, aliyense atafunda chake. Amayi a nyumba yapakati sanazungulire. "Achimwene, musanditenge molakwika, koma nkhuku zanuzi zikudya ndalama zathu. Mababu ofiira aja akuyaka usana ndi usiku." Ndinafuna kuwakumbutsa za hot plate yawo imene imaphika nyemba kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, koma ndinameza mawu, chifukwa amanena zoona. Kuseri kwa nyumba ndili ndi kakhola ka mabroiler, ndipo sabata imeneyo n'kuti ndalowetsa anapiye atsopano.

Nditalowa m'nyumba ndinatenga foni n'kuwerengetsa. Yuniti imodzi ndi mawati 1,000 akamagwira ntchito kwa ola limodzi. Babu limodzi lofunditsira anapiye ndi la mawati 250. Likayaka maola 24, ndi mayunitsi 6 patsiku. Ine ndili ndi awiri, ndiye kuti 12. Pa masabata awiri, 168. Babu limodzi lokhalo likudya kuposa mababu 27 a LED a mawati 9. Abale, ndinachita manyazi.

Apa m'pamene ndinakumbukira kachipangizo kamene kadzaza pa ma status a WhatsApp ndi pa Facebook kuyambira Meyi. Ena akukatcha "smart plug", ena "thermostat socket", ena akungoti soketi yanzeru. Ogulitsa akulonjeza kuti mudula bilu ndi theka. Ine ndinagula, ndakagwiritsa ntchito, ndipo ndikufuna tikambirane moona, chifukwa anthu ambiri akutaya ndalama pogula chinthu chabwino pa ntchito yolakwika.

Kagwiridwe kake n'kosavuta. Mumakalowetsa pa soketi ya pakhoma, kenako hita kapena babu lanu mumalilowetsa pa iko. Kali ndi sensa yoyeza kutentha. Kukazizira kufika pa mlingo wina, kamatsegula magetsi. Kukafunda kufika pa mlingo wina, kamatseka. Basi. Sikachepetsa njala ya hita yanu. Hita ya mawati 2,000 imadyabe mayunitsi 2 pa ola lililonse limene yayaka, kaya mwaiika pa soketi yanzeru kaya yopusa. Chimene kachipangizoka kamadula ndi maola amene chinthucho chikanayaka popanda chifukwa. Ngati maola oterowo palibe, palibenso chimene mwapulumutsa.

Ndiyeno pali msampha woyamba: zipangizozi zili mitundu iwiri, ndipo pachithunzi cha pa status simungazisiyanitse msanga.

Mtundu woyamba ulibe batani lililonse, mlingo wake anaukhazikitsiratu kufakitale. Unapangidwira mayiko kumene madzi amaundana m'mapaipi. Ku America ndi ku Canada chodziwika kwambiri ndi Thermo Cube. Mtundu wake wofala umayatsa kukazizira kufika pafupifupi madigiri 2 ndipo umazimitsa kukafika pafupifupi 7. Kumeneko n'chothandiza zedi: amaikapo waya wofunditsa mapaipi, chotenthetsera madzi akumwa a ziweto kuti asasanduke ayezi, kapena chofunditsira injini ya galimoto usiku. Koma taganizirani za kuno. Usiku wa Julayi mu Lilongwe, umene ife timati kwazizira kwabasi, nthawi zambiri umakhala cha m'ma 10 kapena kutsikirapo pang'ono. M'nyumba kapena m'khola mumakhala mofundirapo kuposa pamenepo. Chipangizo chodikira madigiri 2 chidzangokhala phee chisanu chonse, anapiye akuunjikana pakona. Mwina pamwamba pa Nyika, kumene chisanu chimayeretsa udzu, chingayake. Kuwonjezera apo, za ku America zimapangidwira magetsi a 120 volts, pamene athu ndi 230. Choncho wachibale akakufunsani kuti akutumizireni chiyani kuchokera kumeneko, ichi musatchule.

Mtundu wachiwiri ndi umene uli ndi nkhani kwa ife. Uli ndi kasikirini, mabatani, ndipo wabwino umakhala ndi sensa ya pa waya wautali. Mlingo mumaika nokha.

Ndi umenewu umene ndinaika kukhola. Anapiye a sabata yoyamba amafuna kutentha kwa madigiri 32 mpaka 35 pamene iwo ali, kenako mumatsitsa pafupifupi madigiri 3 sabata iliyonse mpaka atamera nthenga. Usiku wa Juni mababu amayakadi pafupifupi osapuma, pamenepo palibe matsenga. Koma chisanu chathu chili ndi khalidwe lake: masana kukakhala dzuwa, malata amatentha, ndipo khola limafunda lokha. Maola amenewo ine ndimakhala kuntchito, ndipo kale mababu ankangoyaka, anapiye atathawira m'mbali, kukamwa yasa. Ndinkawononga mayunitsi komanso kuzunza nkhuku nthawi imodzi. Pano dzuwa likakwera mababu amazima okha, n'kudzayakanso kukayamba mphepo ya madzulo. Tingoyerekeza kuti azima maola 6 patsiku: mawati 500 kuchulukitsa ndi 6 ndi mayunitsi 3. Pa masabata awiri ndi 42. Tengani mtengo wa yuniti pa risiti yanu, muchulukitse, muyerekeze ndi mtengo umene akukuuzani pa status. Theka la bilu ayi, koma kwa munthu wolowetsa anapiye kangapo pachaka, chipangizocho chimabweza ndalama yake.

Masiku awiri oyamba ndinalakwitsa, ndipo ndinene kuti ena musabwereze. Sensa ndinaipachika m'mwamba pafupi ndi denga. Mpweya wofunda umakwera, ndiye kasikirini kamaonetsa kuti zonse zili bho pamene pansi pa utuchi pakuzizira. Ndinataya anapiye atatu. Sensa iyenera kukhala pa msinkhu wa mwanapiye, m'mphepete mwa pamene babu likuwalira, osati pansi penipeni pa babu. Siyaninso mpata wa madigiri awiri kapena atatu pakati pa poyatsira ndi pozimitsira, apo ayi babu limangophethira ngati la disko n'kupsa msanga. Ndipo ikani kababu ka LED kapadera pa soketi ina, kuti chofunditsira chikazima anapiye asakhale mumdima osaona chakudya. Pamapeto pake, thermometer yabwino kuposa zonse ndi anapiye omwewo. Akaunjikana, kwazizira. Akathawira kutali ndi babu, kwatentha. Akamwazikana bwinobwino akudya, musakhudze batani.

Tsopano za hita ya kuchipinda, chifukwa ambiri amene akugula alibe nkhuku, akungofuna kugona mofunda. Pano ndiye ndili ndi mawu awiri, ndipo onse si okoma.

Oyamba: nyumba zambiri za lendi m'tauni muno ndi za malata opanda siling'i, mawindo osatsekeka bwino, pansi pa chitseko mpata woti khoswe n'kudutsa osawerama. Mukaika kuti hita izime pa madigiri 22, chipinda choterocho mwina sichidzafikapo n'komwe, chifukwa kutentha kukutuluka momwe kukulowera. Hita idzayaka usiku wonse, maola 8, mayunitsi 16, soketi yanzeru ikungoonerera. Chiguduli pansi pa chitseko ndi katani yokhuthala zingakupulumutsireni zambiri kuposa chipangizo. N'chimodzimodzi kukhola: ndisanamate m'mbali ndi masaka ndi kuzunguliza anapiye ndi makatoni, mababu sankazima kawirikawiri. Kungoti m'mwamba musiye potulukira mpweya.

Achiwiri ndi a moto. Mapulagi athu a mano atatu amakona amakhala ndi fyuzi yosaposa 13 amps, kutanthauza pafupifupi mawati 3,000. Zina mwa zipangizo zotchipa zimalembedwa 10 amps kumbuyo, pafupifupi mawati 2,300, ndipo hita ya 2,000 ili kale pakhomo pa malire amenewo, kwa maola ambiri osapuma. Onjezanipo ekisitenshoni yopyapyala ya pamsika, kenako adaputa, chifukwa katundu wochokera ku Joni amabwera ndi mano ozungulira osalowa pa soketi zathu. Polumikizira paliponse polobodoka pamatentha. Mukagwira pulagi n'kumva kuti yafunda kwambiri, kapena mukamva kafungo ka pulasitiki, zulani. Komanso mabuku a mahita ambiri amachenjezeratu kuti musawaike pa chinthu choyatsa chokha. Chifukwa chake n'chomveka: madzulo hita ili yozima, mwana waponyapo yunifolomu kuti iume, pakati pa usiku soketi yayatsa yokha nonse muli mtulo. Mahita a mipiringidzo yofiira aja ndiye oopsa kwambiri pa zimenezi. Hita ya mafuta, yooneka ngati nthiti ija, kawirikawiri imakhala kale ndi thermostat yakeyake, ndiye kuigulira ina n'kuveka chipewa pamwamba pa chipewa. Giza, firiji ndi ayironi nazonso zili ndi zawo m'kati. Wina akakuuzani kuti muike pa firiji kuti musunge mayunitsi, akufuna muwoletse nyama.

Mwina mukufunsa kuti bwanji kanthu kakang'ono chonchi kakuyenda malonda chaka chino. Yankho lili pa risiti. Mu 2023 bungwe la MERA linavomereza dongosolo lokweza mitengo ya magetsi a ESCOM pang'onopang'ono kwa zaka zinayi, ndipo mu Novembala chaka chomwecho kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti. Kuyambira pamenepo aliyense wokhala ndi mita ya prepaid anasanduka akauntanti. Kale bilu inkabwera mwezi utatha, munthu n'kudandaula kamodzi. Pano manambala amatsika ukuwaona, ndipo wogulitsa aliyense wochenjera akudziwa kuti mawu oti "kusunga mayunitsi" amatsegula chikwama. Sitili tokha. Abale athu a ku Britain anathamangira zinthu zofananazi mu 2022 mitengo ya gasi ndi magetsi itakwera koopsa, ndipo a ku Johannesburg, kumene mu Julayi 2023 kunagwa sinowo, amadziwa bwino chimene hita imachita pa mita yogawana m'zipinda za kuseri. Kusiyana kwake n'koti iwo chisanu chawo n'chachitali komanso choluma, ife chathu ndi miyezi iwiri kapena itatu. Wogulira kuchipinda kokha adzakagwiritsa ntchito masabata owerengeka, kenako kakagone mu dirowa mpaka chaka chamawa.

Chimene chimandikwiyitsa ndi kagulitsidwe kake. Nditazungulira mashopu angapo ku Old Town, anyamata ena ogulitsa sankadziwa kuti chipangizo chawo chimanyamula ma amps angati. Mmodzi anandiyankha kuti, "Bwana, chimanyamula chilichonse, ngakhale cooker." Ameneyo ndi moto ukuyenda ndi miyendo. Tili ndi Malawi Bureau of Standards yoona za ubwino wa katundu, komanso Competition and Fair Trading Commission yoteteza ogula. Ine ndikanakonda nyengo ngati ino atamayenda m'mashopu a zamagetsi n'kuona zimene zalembedwa pa mabokosi, chifukwa wogula wamba sangadziwe kuti 10A ndi 13A ndi kusiyana kwa kugona bwino ndi kudzutsa aneba pakati pa usiku. Pakadali pano, ntchitoyo ili m'manja mwanu: tembenuzani bokosi, onani volts, onani amps, onani ngati mlingo umasinthika, ndipo muuzeni ayese pomwepo. Fumbatirani sensa m'dzanja, nambala ikwere. Kenako azule n'kulowetsanso, muone ngati chikukumbukira mlingo umene munaika, popeza kuno magetsi amatha kupita ndi kubwera inu muli kutali.

Ndipo akapita, soketi yanzeru imasanduka pulasitiki wamba. Magetsi athu ambiri amachokera pa mtsinje umodzi wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, ndipo tonse tikukumbukira mdima umene unatsatira namondwe Ana atawononga Kapichira mu Januwale 2022. Woweta nkhuku aliyense amasungabe mbaula ndi thumba la makala. Kukhola, yatsirani panja, ilowe makala atafiira, ndipo mpweya uzidutsa. Kuchipinda chogona, chonde, ayi. Makala amatulutsa carbon monoxide, mpweya wopanda fungo kapena mtundu, umene umagoneka munthu osadzukanso. Bulangete lachiwiri la pakaunjika n'lotchipa kuposa bokosi.

Za pa plot pathu, sizinathe mwaukhondo ngati mufilimu. Mwezi wotsatira mayunitsi anakhalitsako, koma sanafikebe kumapeto. Ndinavomera kuti mwezi uliwonse umene ndili ndi anapiye ndiziwonjezera pa chopereka changa, ndipo ndinaonetsa anthu masamu onse papepala. Amayi a nyumba yapakati anayang'ana pepalalo nthawi yaitali, kenako anafunsa kuti, "Nanga hot plate ndi mawati angati, achimwene?" Ndinawauza kuti mbale imodzi imakhala 1,000 kapena 1,500. Sanayankhe. Loweruka lino tikukaonana ndi alandilodi kuti nyumba iliyonse ikhale ndi kamita kake, ndipo mnyamata wa nyumba yakumapeto, amene amalumbira kuti alibe hita koma zenera lake limawala mofiira usiku, wayamba kale kunena kuti tsikulo ali ndi ulendo wa ku Dowa.