Tisadzale chamba cha CBD tisanadziwe wogula

Nyumba ya Malamulo itavomereza lamulo lololeza ulimi wa chamba chamankhwala ndi cha mafakitale mu February 2020, ambiri anati fodya wapeza mlowammalo. Chiyembekezocho chinali ndi maziko, chifukwa kampani ya Invegrow inali itayesa kale mbewu za chamba chosaledzeretsa ku Chitedze kuyambira mu 2015, ndipo zinakula bwino. Koma kukula kwa mbewu si kupezeka kwa msika. Pa malonda a CBD, mankhwala a m'chamba omwe saledzeretsa, ndalama zimakhala kwa amene ali ndi makina oyengera mafuta komanso pangano ndi wogula. Kulimbikitsa alimi kuti alowe m'munda ziwirizi zisanakhazikike n'kuwakankhira m'ngongole.

Zomwe zinachitika ku America zikuyenera kutitsegula maso. Dzikolo linaloleza ulimiwu mu December 2018, ndipo mu 2019 alimi anatenga ziphaso za maekala oposa 500,000. Ambiri anakolola nthawi imodzi, makina oyengera ali ochepa, pomwe bungwe loona za zakudya ndi mankhwala la FDA linali lisanalole kuti CBD aziikidwa m'zakudya ndi zakumwa. Mitengo inagwa pansi m'miyezi yowerengeka ndipo zokolola zinangounjikana m'mashedi. Kampani ya GenCanna ya ku Kentucky, yomwe inkagula kwa alimi ambiri, inalengeza kuti yalephera kubweza ngongole mu February 2020, mwezi womwewo aphungu athu ankaomba m'manja. Amenewo ndi alimi okhala ndi mathirakitala ndi mabanki owakongoza. Nanga mlimi wa ku Kasungu amene wagulitsa ng'ombe kuti asonkhe nawo ndalama za chiphaso cha kopaletivi adzagwira mtengo wanji? Ziphasozo sizinali zotchipa: mu 2020 bungwe la Cannabis Regulatory Authority linaika madola 10,000 pa chamba chamankhwala ndi madola 2,000 pa cha mafakitale.

Mbewu yakenso ndi yovuta kuposa mmene okopa alimi amanenera. CBD amachuluka m'maluwa a zomera zazikazi zomwe sizinalandire mungu, choncho mlimi amayenda mzere ndi mzere kusuzumira pamfundo za nthambi, n'kuzula chomera chilichonse chachimuna timatumba take ta mungu tisanaphulike. Chimodzi chikatsala, maluwa a m'munda amadzaza njere ndipo mafuta amachepa. Kuno kwathu vutoli ndi lalikulu chifukwa chamba chachikuda chimalimidwa mozemba m'madera ambiri, ndipo mphepo imanyamula mungu wake mtunda wautali. Maluwa akamakhwima, THC, yemwe ndiye amaledzeretsa, amakweranso. Lamulo la ku America la 2018 linaika malire a 0.3 peresenti, ndipo zokolola zopitirira pamenepo zinkayenera kuwonongedwa. Diso silingaone malire amenewa, pamafunika labotale. Akakolola, maluwa akachita chuku pouma, wogula wa mankhwala sangawalandire ngakhale pamtengo wozizira.

Ena akuti tikachedwa, Lesotho yomwe inayamba kupereka ziphaso mu 2017 ndi Zimbabwe yomwe inatsatira mu 2018 zitilanda msika, ndipo fodya akupita kumanda. Nkhawa ya fodya ndi yoona, ndipo palibe wofunira dziko lino zabwino amene angakane kuti tikufunika mbewu ina yobweretsa ndalama zakunja. Komatu fodya, ngakhale pamtengo wolira nawo, amagulidwa ku Kanengo, Limbe, Chinkhoma ndi Mzuzu. Chamba cha CBD chilibe okushoni, chilibenso mavenda. Wogula wako mmodziyo akasowa, sungachigulitse pamsika wa pamudzi popanda kuswa lamulo. Amene amanyadira mbiri ya Malawi Gold aziganizanso bwino: chamba chimenecho chinatchuka chifukwa cha mphamvu yake yoledzeretsa, yomwe ogula CBD amaithawa. Msika wodalirika ulipo, monga wa mankhwala a khunyu a Epidiolex omwe FDA inavomereza mu 2018, koma umafuna mafuta oyera, oyezedwa, ochokera m'fakitale yovomerezeka ndi mayiko ogulawo.

Choncho amene ali ndi mpamba, kaya ndi boma, mabanki kapena Amalawi okhala kunja, auike kaye pa labotale yodziwika kunja, pa makina oyengera ndi pa mbewu zoyesedwa m'nthaka yathu. Bungwe lopereka ziphaso lisamalandire ndalama za kopaletivi lisanaone pangano lolembedwa, lotchula mtengo ndi kuchuluka kwa zogulidwa, komanso umboni woti wogulayo alidi ndi fakitale ndi ndalama kubanki. Kampani yofuna alimi ipereke mbewu ndi alangizi, iyeze THC mbewu zikadali m'munda, ndipo zokolola zikakanidwa chifukwa cha mbewu yomwe inapereka yokha, ilipire mlimi.