Nyanja ya Niassa siimeza pulasitiki

"Nyanja ndi yaikulu, imadzitsuka yokha." Mawu amenewa amamveka ku Meponda, ku Metangula ngakhale kuno ku Lichinga. Ena amaonjeza kuti jumbo ikanyenyeka ndi dzuwa ndi mafunde ndiye kuti yatha, n'kumaloza nyanja yamchere ya ku Pemba kuti onani, nsomba zilipobe. Ife tikukana.

Jumbo siwola ngati masamba. Imanyenyeka, tizidutswa take n'kunyenyekanso, mpaka kufika pa zimene asayansi amati nanoplastics. Kuchepa kwake amakuyeza m'ma nanomita, ndipo mu milimita imodzi muli ma nanomita 1,000,000. Diso silingatione, koma tilipo.

Kuyerekeza ndi Pemba nakonso n'kolakwika. M'madzi amchere, mcherewo umachititsa tinthu tating'ono chonchi kumatirirana n'kukhala timibulu, ndipo timibulu tina timatsika pansi kukakumana ndi nkhono ndi zina zodya m'matope. Uko sikutha, ndi kusamuka chabe. Madzi athu alibe mchere wotero, choncho tizidutswati titha kukhalitsa tili patalipatali m'kati mwa madzi, momwemo m'mene muli tizilombo tomwe usipa umadya. Ndipo usipa timaudya wonse, mutu ndi matumbo omwe.

Mu 2017 ofufuza a pa yunivesite ya Lund ku Sweden anaonetsa kuti tinthu totere tinadutsa m'ndere, n'kulowa m'tizilombo ta m'madzi, n'kukafika mu ubongo wa nsomba. Nsombazo zinayamba kudya mwaulesi. Kunali kuyesa kwa m'labotale, inde, koma njira ya chakudya ndi yomweyi.

Nanga kudzitsukako kuchitika bwanji? Mtsinje wotulutsa madzi m'nyanjayi ndi umodzi wokha, Shire, ku Mangochi. Madzi ambiri amachoka ngati nthunzi, ndipo nthunzi imasiya zinyalala m'mbuyo. Pena nyanjayi ndi yakuya pafupifupi mamita 700, ndipo madzi apansi penipeni alibe mpweya, sasakanikirana ndi apamwamba. Chomwe chamira kumeneko chakhala.

Mu 2011 boma la Mozambique linaika mbali yathu ya nyanja kukhala malo otetezedwa, ndipo lamulo la 2015 linaletsa majumbo opyapyala osakwana ma maikironi 30. Tikupempha akuluakulu a mzinda wa Lichinga ndi a boma la Lago kuti lamuloli ligwire ntchito m'misika, komanso kuti padoko paliponse pakhale potayira maukonde ong'ambika a nayiloni, asamasiyidwe pamchenga kudikira mafunde.