Zwangendaba, Trajan ndi chitsulo chosakaniza

Ndikafunsa m'kalasi kuti mtsogoleri wamphamvu amakhala wotani, ambiri mumayankha kuti ndi woopsa, uja akangokhosomola aliyense zii. Ine sindivomereza, ndipo umboni wanga uli konkuno ku Mchinji.

Angoni a kuno, pamodzi ndi abale awo kuseri kwa malire ku Chipata, ndi a Mpezeni, mwana wa Zwangendaba Jere. Zwangendaba anachoka ku South Africa cha m'ma 1819 pa nthawi ya nkhondo za Shaka, ndipo anawoloka Zambezi pafupi ndi Zumbo mu Novembala 1835. Tikudziwa bwanji mweziwo poti panalibe wolemba? Makolo anasunga nkhani yoti tsiku lowolokalo dzuwa linada masanasana. Ameneyo ndi kadamsana: mwezi unadutsa pakati pa dzuwa ndi dziko, mthunzi wake n'kugwera pansi. Popeza mayendedwe a mwezi ndi dziko amadziwika bwino, akatswiri a zakuthambo amawerengera chobwerera m'mbuyo n'kupeza nthawi imene mthunziwo unafika dera limenelo. Physics ikuthandiza History pamenepo.

Tsono funso nali. Gulu loyenda zaka pafupifupi 30, likumenya nkhondo njira yonse mpaka mtsogoleri wake kukamwalirira ku Ufipa, ku Tanzania, bwanji silinathe? Mikondo payokha imachepetsa anthu. Chimene chinkawachulukitsa n'chakuti ogwidwa, kaya Atsonga, Akaranga, Ansenga, Achewa kapena Atumbuka, ankalowetsedwa m'mabanja ndi m'magulu a nkhondo, ndipo wosonyeza luso ankatha kukwera mpaka kukhala nduna. Funso silinkathera pa "ndiwe mwana wa yani?" Linkafika pa "ungathe chiyani?"

Aroma akale anali ndi nzeru yomweyo. Mfumu Trajan, amene analamulira kuyambira chaka cha 98 mpaka 117, sanabadwire ku Rome koma ku Italica, ku Spain. Sanali mwana wa mfumu. Nerva, amene anali pampando, anamutenga ngati mwana wake chifukwa anali mkulu wa asilikali wodalirika. Nayenso Trajan atafuna mlatho pa mtsinje wa Danube, ntchitoyo anapatsa Apollodorus wa ku Damascus, ku Syria, ndipo mlathowo unapitirira kilomita imodzi kutalika kwake. Pa nthawi yake ufumu wa Roma unakula kuposa nthawi ina iliyonse.

Izi zimandikumbutsa chitsulo. Iron yopanda chosakaniza ndi yofewa, chifukwa maatomu ake ndi ofanana kukula ndipo amakhala m'mizere imene imatsetsereka mosavuta ukaikankha. Ukathiramo carbon pang'ono chabe, yosapitirira magalamu 2 pa magalamu 100 alionse, timaatomu tachilendoto timalowa m'mipata n'kutsekereza kutsetserekako. Zatero wapeza steel, imene amapangira makasu, masipoko a njinga ndi njanji imene imafika pa boma pathu pano. Inde, anthu si maatomu, ndipo fanizo si umboni. Musakalembe zimenezi pa mayeso a MSCE. Koma limathandiza kuona chifukwa chake gulu la anthu oganiza mofanana limapindika msanga.

Wina anena kuti, "Aphunzitsi, mukutamanda anthu olanda." Ali ndi mfundo. Ogwidwawo sanabwere mwa kufuna kwawo. Midzi ya Achewa inatenthedwa, ana analekanitsidwa ndi amayi awo, ndipo enanu agogo a agogo anu anali kumbali yothawayo. Trajan naye anaphwasula dziko la Dacia n'kututa golide wake. Sindikuti anali anthu achifundo ayi. Ndikuti olanda analipo ambirimbiri m'mbiri, koma amene magulu awo anakhalitsa ndi aja ankapatsa mlendo mpata wokwera. Kuopsa anali nako onse. Chowasiyanitsa chinali chimenechi.

Nkhaniyi ikukukhudzani posachedwa. Temu ino musankha ma prefect, ndipo enanu mwatsala pang'ono kukwanitsa zaka 18 zoti mukavote. Ndimamva m'makonde muno mawu oti "uyu ndi wakwathu", "uyu ngwa ku Zambia", "uyu Mngoni". Ngakhale pogawa magulu mu labu, mumathamangira mnzanu wa mudzi umodzi, kusiya mtsikana amene amawerenga ammeter molondola kuposa nonse, chifukwa choti makolo ake anachita kubwera kudzagwira ntchito ku esiteti ya fodya.