Ndani atisankhire choonera?

Ku Sydenham, mumzinda wa Durban, ndidapeza Amalawi anzathu akutsutsana za Big Brother. Wina adati nzolaula basi. Mnzake adati amaphunzirapo kukhala ndi anthu a mitundu ina, luso lofunika kuchilendo.

Mkanganowu ngwakale. Mu Ogasiti 2003, aphungu a Nyumba ya Malamulo adaletsa TVM kuonetsa Big Brother Africa, ati ikuononga chikhalidwe, koma khoti lalikulu lidachotsa chiletsocho. Oonera nawo adapereka chigamulo chawo: adasankha Cherise Makubale wa ku Zambia, yemwe ankadziwika ndi kuphika ndi kusesa m'nyumbamo.

Ine ndimadabwabe ndi changu cha aphunguwo, poti alimi kumudzi, ambiri opanda ndi kanema yemwe, adali asadaiwale njala ya 2002.