Lamulo la 1989 linasiya munda kunja, amasiye a ku Chipangali ndiwo akulira

Lamulo la Intestate Succession Act, limene Nyumba ya Malamulo ya Zambia inakhazikitsa mu 1989 kuti ligawe chuma cha munthu womwalira osasiya wilo, limapereka 50 peresenti kwa ana, 20 peresenti kwa mkazi kapena mwamuna wotsala, 20 peresenti kwa makolo a malemuyo, ndi 10 peresenti kwa ena amene ankadalira thandizo lake. Kagawidwe kameneka kamamveka bwino m'khoti, koma mlimi wa ku Chipangali, boma limene linapatulidwa ku Chipata mu 2018, akakadalira ndiye kuti wasiyira banja lake mlandu, pakuti lamuloli limanena mosabisa kuti silikhudza malo a mafumu, pamene munda wa pa malo a mafumuwo ndiwo chuma chachikulu cha anthu ambiri kumeneko. Lamulo linzake la chaka chomwecho, loona za wilo, ndiye kuti chikalata chimene munthu amalembamo wodzatenga katundu wake iye akamwalira, nalonso linausiya kunja mundawo.

Pamene malamulo a boma angokhala chete, mwambo ndiwo umaweruza, ndipo ku Chipangali miyambo ilipo iwiri yosagwirizana. Kwa Achewa a Kalonga Gawa Undi mwana ndi wa kuchikazi ndipo mtsibweni ndiye mwini mbumba, pamene kwa Angoni a Mpezeni malowolo amapereka ana kwa bambo ndi abale ake. Mitundu iwiriyi yakhala ikukwatirana kwa zaka zoposa 100, ndipo chimene chimaoneka pa maliro n'chakuti mbali iliyonse imakumbukira mwambo umene uiikire nsima m'mbale. Manda asanaume n'komwe, mchimwene wa malemu amakhala atatenga kale makiyi a chigayo, ng'ombe ziwiri zolimira zamangidwa pa ngolo yodzaza malata ndi matumba a soya, foni imene inali ndi ndalama za fodya yalowa m'thumba la wina, ndipo namfedwa akuuzidwa kuti akangosudzulidwa abwerere kwawo.

N'zoona kuti lamulo limaletsa zonsezi. Mkazi wamasiye ali ndi ufulu wokhala m'nyumba moyo wake wonse pokhapokha akakwatiwanso, wolanda chuma cha masiye akhoza kukhala kundende mpaka zaka ziwiri, ndipo woyang'anira chuma, amene banja limasankha ndi kukamuvomerezetsa ku Local Court, ntchito yake ndi kulipira ngongole ndi kugawa basi, osagulitsa kanthu popanda chilolezo cha khoti. Komabe ng'ombe ziwiri sizigawika m'maperesenti popanda kuzigulitsa, ndipo zikagulitsidwa ana amatsala ndi ndalama zosafika nazo pa dzinja komanso opanda cholimira. Pa mitala zinthu zimaipiraipira, chifukwa akazi onse amagawana 20 peresenti imodzimodziyo malinga ndi zaka zimene aliyense wakhala pabanja.

Amene amakana kulemba wilo amati kutero n'kudziitanira imfa, ndipo ena amanong'ona kuti mkazi akadziwa gawo lake akhoza kufulumizitsa maliro. Mantha amenewa sanatalikitsepo moyo wa munthu, koma asiya ana ambiri pa bwalo, ndipo bambo amene amasunga mosamala malisiti a feteleza koma n'kukana kulemba dzina la wodzatenga ng'ombe zake sakusunga mwambo wa makolo, akungothawa udindo. Wilo siifuna loya kuti ikhale yovomerezeka: munthu wamkulu wa maganizo angwiro amailemba, n'kusaina kumapeto pamaso pa mboni ziwiri zimene zilipo nthawi imodzi, nazonso n'kusaina, ndipo mbonizo zisakhale mwa anthu olandira kanthu m'wiloyo. Siipatsanso munthu mpata wolanga banja lake, pakuti khoti likhoza kupatsa gawo mkazi kapena mwana amene wasiyidwa opanda thandizo.

Za munda njira inaonetsedwa kale. Pakati pa 2014 ndi 2018 bungwe la Chipata District Land Alliance, mothandizidwa ndi USAID, linayeza minda m'madera a mafumu Mnukwa, Mkanda, Mshawa ndi Maguya, ndipo mafumuwo anasaina zikalata zosonyeza malire, eni munda, ndi ena amene ali ndi gawo pa mundawo, kuphatikizapo akazi ndi ana. Chikalata chotere sichisandutsa munda kukhala wa lizi ya zaka 99 yochokera ku boma, koma chimatseka pakamwa munthu amene angadzanene pa bwalo la nyakwawa kuti mlamu wake anali mlendo chabe.

Palinso vuto lina imfa isanafike. Nkhalamba imene yagwidwa sitiroko kapena yayamba kuiwala imakhala ndi ndalama ku banki kapena penshoni ku NAPSA zimene palibe angazitape mwalamulo, koma lamulo la Mental Health Act la 2019 limalola munthu, akadali bwinobwino, kulemberatu dzina la wodzamuthandiza kupanga ziganizo mutu ukadzasokonekera.

Mafumu a ku Chipangali, kuyambira a Chanje mpaka a Kapatamoyo, alamule kuti munda uliwonse ulembedwe m'kaundula wa mudzi pamodzi ndi mayina a mkazi ndi ana, ndipo khonsolo ya boma iitane a Legal Aid Board kuti azifika pa misika nyengo yogulitsa mbewu kudzathandiza alimi kulemba wilo. Aphungu a Nyumba ya Malamulo nawonso akonze lamulo la 1989 kuti mkazi wamasiye asachotsedwe pa munda umene walima ndi manja ake.